Mpini Wopanda Khasu

Ine amene ndimasenza matumba awiri a feteleza
kuchoka pa lole mpaka kuseri kwa msika,
ine amene makondakitala a ku Karonga amandikuwa dzina
katundu akawakanika,
a Msowoya anandipatsa mpini.
Mpini wopanda khasu.

Zitsulo zinali pomwepo:
magiya a thirakitala owotcherera ku paipi,
zitini za penti zodzaza simenti,
mu shedi ya malata ku Zolozolo
momwe nkhungu imalowa osaodira
faifi koloko isanakwane.
Iwo anati: Zimenezo usaziyang'ane.
Gwira apa ndi apa, motalikitsa,
kweza pamwamba pa mutu, zigongono ziume,
kenaka ukhale pansi pamene palibe mpando.

Ndinaseka. Ndinatsika.
Zidendene zinanyamuka zokha ngati zaponda khala lamoto,
mawondo anapsompsonana,
mpini unathawira kutsogolo
ine n'kuutsatira chamutu
mpaka pa ndowa yotchera madontho a denga.
Anyamata a pa benchi anayang'ana kumbali,
mapewa okha akugwedezeka.

Mphamvu uli nazo, anatero a Msowoya,
koma unazimanga mfundo.
Akakolo akowa ndi mahinjesi a dzimbiri.
Msanawu unazolowera kugwadira thumba.

Masabata atatu, mpini basi.
Phazi lonse pansi,
chala chachikulu, chala chaching'ono, chidendene.
Mawondo atsate kumene zala zaloza.
Koka mpweya, uutsekere m'mimba ngati chubu cha njinga,
usautaye uli pansi.
Kankha denga.
Ung'ambe mpiniwo pakati ndi manja ako.
Sung'ambika, koma yesa.
Maso kutsogolo, pa kalendala ya chaka chatha iyo.

Ndinkabwerera m'mvula ya kuno,
ija yosagwa, yongoyandama m'malere
mpaka malaya atalemera,
mapewa akuyaka,
ndipo pa depoti sindinauze munthu
kuti ndikulimbana ndi kamtengo ndipo kakundigonjetsa.

Lachinayi lina madzulo
ndinapeza Ulunji, mwana wanga wa zaka zitatu,
atanyonyomala pakhonde akusanja zitsekerero za mabotolo,
zidendene zili phwa pa simenti,
msana uli njo.
Anatola chitenje cha mayi ake,
anachikweza m'mwamba ndi manja onse awiri,
akuti ndi denga la sitolo yake,
n'kudzuka nacho
osagwira pansi, osabuula.
Palibe anamuphunzitsa.
Ndinaima pa geti, buledi ali m'khwapa,
kufunafuna chaka chimene ndinataya chinthu chimenechi.
Kapena chinagwera pansi pa thumba loyamba lija
ndili ndi zaka khumi ndi zinayi.

M'mawa mwake ndinavula nsapato.
Simenti inaluma mapazi.
Ndinatsika mwa giya yoyamba
ngati lole ya malasha pa Chiweta,
mpini uli chilili pamwamba pa nkhongo,
osapita kutsogolo, osabwerera.
Pansi penipenipo panali zii.
Ndinamva mtima wanga, ndi dontho limodzi mu ndowa.
Ndinadzuka.

A Msowoya sanaombe m'manja.
Anapita pakona, anabwera ndi paipi yachitsulo yopanda kanthu,
yozizira ngati mpope wa mu Juni.
Anati: Tsopano uphunzire kuitaya.
Ikakukana usachite nayo makani.
Ikankhe kutsogolo, iwe ulumphire kumbuyo.
Phewa langali linapita chifukwa cha makani.
Anakweza dzanja lamanzere. Linalekezera pa khutu.

Ndinaitaya kasanu tsiku limenelo.
Malata analira, galu wa aneba anauwa,
mayi wa zitumbuwa anasuzumira pa mpanda
kufunsa m'Chitumbuka ngati kwagwa munthu.

Kachisanu ndi chimodzi ndinakhala nayo pansi,
ndinawerenga mpaka zitatu,
thukuta likudontha pakati pa mapazi,
mikono ikunjenjemera pang'ono, koma yowongoka.
Kunja kabaza woyamba anali akuliza belu
ndipo lole ya feteleza inali isanafike.